ZA MPHUNZITSI WA MAFUNDE OSAONEKA

Ife tonse okhala ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona tiona tsiku ndi tsiku nsanja zazitali zacitsulo zoimirira pakati pa nyumba zathu. Pamwamba pa zina apacikapo zinthu zoulungika ngati ng'oma, zopenyana ndi zinzace za pa nsanja ina kutali. Ambiri a ife tingopitirira osafunsa kanthu. Koma m'ng'omazo muturuka mafunde aafupi a magetsi, amene Azungu awacha microwave, ndipo ndiwo asenza mau a lamya zathu kucokera pa nsanja ina kufikira pa inzace. Tsono mwezi uno tifuna kusimba za mwana wa dziko lino amene anadzipereka ku maphunziro a mafundewa. Koma tiyambe taona amene anatsogola m'njirayi.

Ku Calcutta, m'dziko la India, kunali mphunzitsi dzina lace Jagadish Chandra Bose, wobadwa caka ca 1858. Polowa nchito pa Presidency College m'caka ca 1885, anamuikira malipiro ocepa koposa a aphunzitsi acizungu, cifukwa anali Mmwenye. Iye anakana kuwalandira zaka zitatu, naphunzitsabe mokhulupirika, kufikira akuru anabvomera kumpatsa zonse. Pofika caka ca 1895 anali ataonetsa pamaso pa khamu kuti mafunde aafupi akhoza kupyola khoma, kuliza belu ndi kuyatsa wonga popanda waya. M'caka ca 1897 anakafotokoza nchito yace ku London, ndipo mafunde ace ena anali aafupi ngati mamilimita 5.

Zaka zoposa 100 zitapita, Mmalawi mnzathu Chomora Mikeka, mphunzitsi wa pa Chancellor College ku Zomba, anaponda m'mapazi omwewo. Anamuka ku Japan kukaphunzira pa Yokohama National University, pansi pa mphunzitsi wamkuru Hiroyuki Arai, nalandira kumeneko ulemu wa udokotala wa maphunziro a magetsi. Funso limene anafunafuna yankho lace linali ili: nsanja za wailesi yakanema ndi za lamya zimwaza mphamvu zao mumlengalenga usana ndi usiku, ndipo zambiri zingotayika, kodi munthu sakhoza kuzikunkha, monga amai akunkha ngala zotsala m'munda atatha kukolola? Anakonza kamlongoti kolandira mafundewo, pamodzi ndi kacipangizo kowasandutsa akhale magetsi oyenda njira imodzi, onga a m'batire. Mphamvuyo njocepa ndithu, siphika nsima kapena kuunika nyumba iai. Koma ikwanira kupatsa moyo tizipangizo tating'ono toyesa zinthu, kumene kulibe magetsi. Iye ndi mphunzitsi wace analemba za nzeruyi m'caka ca 2011.

Atabwera kwao sanaisunga nzeruyo m'bokosi. M'caka ca 2013 anatsogolera nchito yoyesa kutumiza intaneti pa njira za wailesi yakanema zimene zinali cikhalire zopanda wozigwiritsa. Pakuti mafunde a wailesi yakanema ngotalikirapo, afika patali, ndipo mitengo ndi makoma siziwachinga msanga. Cifukwa cace ayenera midzi yathu, kumene kukumba ngalande za waya kudya ndalama zambiri. Nchitoyi inacitika ku Zomba, mothandizana ndi bungwe la MACRA, loyang'anira za mtokoma ndi mawailesi m'dziko muno, ndiponso ndi akatswiri a ICTP a ku Trieste m'dziko la Italy. Mwa malo amene analandira intaneti m'njira imeneyi munali sukulu ya atsikana ya St Mary's ndi cipatala ca Pirimiti. Pambuyo pace anaitanidwa kuno ku Lilongwe, nakhala mkuru woyang'anira za sayansi ndi luso mu Unduna wa Maphunziro.

Nanga ife tiphunzirapo ciani? Kawiri kawiri timva anthu ali kunena kuti nzeru za makina nza Azungu okha, ndi kuti gawo lathu ndilo kugula ndi kulipira. Mbiri ya amuna awiriwa itsutsa mau otere. Koma tisaiwale kuti nzeruzi ziyamba ndi masamu a m'kalasi laling'ono. Akuru anati m'mera mpoyamba. Ife aphunzitsi taona ana ocenjera, makamaka atsikana, akucotsedwa pa sukulu kuti akagulitse mandasi pamsika, ndipo mtima utipweteka. Inu makolo, mukapeza mwana wanu ataphwasula wailesi yakufa kuti aone za m'kati mwace, musafulumire kuthyola mkwapulo. Mfunseni cimene wapezamo, ndipo m'mawa mwace mumtumize ku sukulu.