Kuchokera pa Nthungo Kufika pa Chikwanje: Mbiri ya Zida Zoyenda Nazo ku Ntcheu

Ku Ntcheu munthu woyenda ndi chitsulo chakuthwa sadabwitsa. M'mawa uliwonse pamsewu wa M1, kuyambira pa Kampepuza mpaka pa Lizulu, mumakumana ndi abambo atamangirira chikwanje panjinga, amayi atanyamula chikwakwa, ndi anyamata owotcha kanyenya akunola mipeni pamwala. Koma chikwanje chomwecho chikatulukira pamsonkhano wandale kapena pamowa, aliyense amayamba kuunguza pothawira. Funso lakuti ndani ayenera kuyenda ndi chida pagulu, ndipo pa chifukwa chanji, dera lino lakhala likulimbana nalo kwa zaka zoposa 150.

Angoni asanafike, eni dera anali kale akatswiri pa chitsulo. Ankasungunula miyala m'ng'anjo, napemerera moto ndi mvukuto wachikopa, ndipo pachipala pankatuluka makasu, nkhwangwa, mipeni, mikondo ndi mivi. Zida zimenezi zinali za kumunda ndi kuuzimba, ngakhale kuti nkhondo ikabwera zinkagwiranso ntchito ina. Mpeni unali wosendera chinangwa, wosemera mpini ndi wochekera nyama.

Angoni a Maseko adabwera ndi nzeru ina. Adachoka kummwera kwa Africa m'zaka za m'ma 1820, nthawi ya chipwirikiti cha Shaka, nawoloka Zambezi, nayenda mpaka ku Songea m'dziko la Tanzania motsogozedwa ndi Mputa. Atagonja kumeneko, Chidyaonga adawabweza, ndipo cha m'ma 1870 adakhazikika pafupi ndi phiri la Domwe. Msilikali wawo ankanyamula chishango chachikulu cha chikopa cha ng'ombe, chibonga, ndi nthungo yaifupi yobayira pafupi. Mdani wa uta akaponya mivi yake n'kuthera pachishango, ankatsala chimanjamanja pomwe Mngoni wamufika pamphuno. Umu ndi mmene ufumu wa Inkosi yawo Chikuse udakulira mpaka kuopedwa kuchigwa cha Shire.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti zida zimenezi zinali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo anali Inkosi. Gulu lankhondo silinkatuluka popanda mawu ochokera kubwalo. Mnyamata ankayambira kubusa, komwe ankaphunzira kumenyana ndi ndodo, kutchinga, ndi kugonjera wamkulu wake. Margaret Read, yemwe adakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 nalemba buku la The Ngoni of Nyasaland, adaona kuti anthu amenewa ankalemekeza kwambiri kudziletsa ndi ulemu pamaso pa akulu. Mwamuna wopsa mtima msanga sankayesedwa ngwazi. Chida chinali m'manja mwa munthu, koma munthuyo anali m'manja mwa mwambo.

Nyengo ya nthungo idatha mwadzidzidzi. Britain idalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake mu 1891, chaka chomwe Chikuse adamwalira. Mwana wake, Gomani Woyamba, adayamba walimbana ndi Kachindamoto pa nkhani ya ufumu, kenaka adasemphana ndi azungu pa za msonkho ndi kutengedwa kwa anthu ake kukagwira ntchito m'minda ya atsamunda. Mu Okutobala 1896 asilikali a boma adamugwira namuwombera chakufupi ndi Dombole. Chishango chomwe chinkabweza mivi sichidathe kubweza chipolopolo. Kuyambira pamenepo, mphamvu yonena yemwe angayende ndi chida idachoka kubwalo la Inkosi n'kupita kwa bwanamkubwa ku Zomba.

Malamulo a milandu omwe timagwiritsa ntchito lero adayamba mu 1930, ndipo akhala akukonzedwa kangapo. Mfundo yake pa nkhani ino ndi yosavuta: wopezeka pagulu ndi chida chovulaza popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka wapalamula. Lamulo siliyeza kutalika kwa chitsulo kokha, limafunsa ntchito yake. Mlimi wopita kudimba ku Bwanje ndi chikwanje ali ndi yankho. Mnyamata wobisa mpeni m'chiuno popita kudansi alibe.

Nkhondo yaikulu yotsatira ya Angoni a ku Ntcheu idamenyedwa popanda nthungo. Mu 1953 Inkosi Gomani Yachiwiri, Philip Zitonga, mwana wa mfumu yophedwa ija, adakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Sadamemeze gulu lankhondo. Adangouza anthu ake kuti asiye kumvera malamulo ena a boma. Atsamunda adamuchotsa pampando, iye nathawira ku Mozambique limodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi adamubweza, ndipo adamwalira mu 1954. Chitaganya chidatha mu 1963, ndipo dzina lake likukumbukiridwabe pakati pa omwe adachigwetsa.

M'zaka zomwezo amuna ambiri ankapita ku Joni ndi ku Harare kukagwira ntchito. Kumeneko adakumana ndi mpeni wopinda wa Okapi, womwe udayamba kupangidwa ku Germany mu 1902. Ndi mpeni wotchipa, wopepuka, wokwana m'thumba, wabwino kusendera mzimbe kapena kudulira luzi. Koma m'makomboni a ku South Africa udatchuka ngati chida cha zigawenga, umboni wakuti chitsulo chimatenga khalidwe la wochinyamula.

Kenaka kudabwera mfuti. Nkhondo yapachiweniweni ya ku Mozambique, kuyambira 1977 mpaka 1992, idathawitsira kuno anthu oposa miliyoni imodzi, ndipo Ntcheu idalandira ambiri chifukwa m'malo ena msewu wa M1 ndiwo malire enieni. Mfuti za AK-47 zidalowa m'midzi, ndipo umbava wa mfuti udakula nkhondo itatha. Mu Disembala 1993 asilikali a dziko lino adalanda zida za Apayoniya pa ntchito yotchedwa Operation Bwezani. Olemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 adaika m'gawo 38 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero, koma mwamtendere ndi popanda zida.

Mawu amenewa sadalemekezedwe nthawi zonse. Pa 19 Julayi 2011, anyamata adazungulira m'misewu ya Blantyre pagalimoto akuonetsa zikwanje, kuopseza omwe ankakonzekera zionetsero za mawa lake. Mu 2024 ndi 2025 ku Lilongwe kudaonekanso anthu a zikwanje akubalalitsa ochita zionetsero. Chida cha kumunda chidasanduka chotsekera anthu pakamwa.

Pali ena omwe amati popeza akuba ali ndi zida, munthu wabwino naye aziloledwa kuyenda ndi lupanga kapena mpeni waukulu kuti adziteteze. Mantha awo ndi omveka, makamaka kwa wochita malonda amene amachoka pa Tsangano usiku ndi ndalama za kachewere m'thumba. Koma mayiko ena adaletsa kuyenda ndi zida zotere. Japan idaletsa masamurai kuyenda ndi malupanga mu 1876. Britain imalola mpeni wopinda wosapitirira mainchesi 3, ndipo woposa apo umafuna chifukwa chomveka. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense amene adaonapo ndewu ya pamowa: mkangano womwe ukadathera pa kutukwanizana umathera kuchipatala kapena kumanda ngati mmodzi ali ndi mpeni m'thumba. Wobaya ndi wobayidwa kawirikawiri amakhala anthu odziwana.

Malo oyenera a zida za makolo alipo, ndipo ndi aulemu. Pa Umhlangano wa Maseko womwe umachitikira pa Nkolimbo, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani Yachisanu, amuna mazanamazana amavina ngoma atagwira zishango ndi zibonga. Phazi likamenya pansi fumbi limakwera, chibonga chimagunda chishango, amayi amalulutira, ndipo ana amaonerera osaopa. Palibe wothawa chifukwa aliyense akudziwa amene waitana, ntchito ya chidacho, ndi nthawi yochitula pansi.

Akulu adati muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso. Mafumu, makolo ndi apolisi akumudzi asadikire maliro kuti afunse mnyamata chomwe wabisa m'jekete, ndipo andale asiye kugawira achinyamata zikwanje. Mpeni upite kukhitchini ndi kumsika wa nyama, chikwanje kudimba, chibonga ndi chishango kubwalo la ngoma. Lamulo la dziko ndi mwambo wa Angoni zikunena chinthu chimodzi: munthu wopanda ntchito yoti agwire ndi chida achisiye kunyumba.