Kumene Zinachokera Sitovu Zodula za Masiku Ano



Ambiri a inu amene munakhazikika ku Britain, ku America ndi ku Joni mukamakonzanso nyumba, ndalama zochuluka zimathera kukhitchini, ndipo m'khitchinimo chodula kwambiri nthawi zambiri chimakhala sitovu. Wogulitsa amakuonetsani AGA, Viking, Wolf, La Cornue, kapena galasi lakuda losalala limene amalitcha induction, ndipo mtengo wa zina mwa izo ungathe kugula galimoto. Iye amatama penti ndi kunyezimira kwa chitsulo. Chimene sakuuzani n'chakuti iliyonse mwa sitovuzi inapangidwa kuti ithetse vuto la nyumba inayake m'dziko linalake, ndipo vutolo mwina si lanu.

Kufikira zaka za m'ma 1700, Azungu ambiri ankaphika pamoto wa poyera monga timachitira ife pamafuwa, kungoti iwo ankakoleka mphika pa unyolo pansi pa chumuni chachikulu. Nkhuni zinkatha zambiri, kutentha kunkathawa ndi utsi, wophika n'kumapsa nkhope. Amene anaiganizira mozama nkhaniyi ndi Benjamin Thompson, wobadwira ku Massachusetts mu 1753. Pankhondo yomenyera ufulu wa America iye anali mbali ya Angerezi, choncho anathawa kwawo, ndipo pambuyo pake anakatumikira wolamulira wa Bavaria, kumene anapatsidwa dzina laulemu loti Count Rumford. Mu 1790 anasonkhanitsa opemphapempha a mumzinda wa Munich n'kuwaika m'nyumba yogwiriramo ntchito, ndipo anayenera kuwadyetsa tsiku ndi tsiku ndi nkhuni zochepa. Anamangitsa chophikira cha njerwa chokhala ndi mabowo pamwamba, mphika uliwonse kulowa m'bowo lake, pansi pake kamoto kakekake kotsekeredwa, ndi kachitseko kochepetsera kapena kuonjezera mpweya. Nzeru yakuti mphika uliwonse ukhale ndi moto wake umene wophika angaulamule inakulira kukhitchini ya amphawi, ndipo ndi yomweyo imene mukulipirira lero mukamawerenga mabatani asanu ndi limodzi pa sitovu ya m'sitolo.

Zaka za m'ma 1800 zinabweretsa sitovu za chitsulo zoyendera malasha kapena nkhuni. Mdzukulu wa zimenezi ndi Dover, imene anzanga amsinkhu wanga akuikumbukira m'nyumba zina za pamishoni ndi zaboma, yakuda bii, ya paipi yotulukira kudenga. Gasi anabwera ndi James Sharp wa ku Northampton, amene analembetsa sitovu yake mu 1826 n'kutsegula fakitale mu 1836, koma anafala kumapeto kwa zakazo mapaipi atafika m'makomo ambiri. Magetsi anatsatira: mu 1892 Thomas Ahearn anaphikitsa chakudya chonse cha phwando ndi magetsi pa hotela ina ku Ottawa.

Nkhani imene imandigwira mtima ndi ya AGA. Gustaf Dalén wa ku Sweden anali katswiri wa nyali zolondolera zombo panyanja, ndipo anapanga kachipangizo kamene kankazimitsa nyali dzuwa likatuluka n'kuiyatsanso kukada. Mu 1912 gasi amene ankayesa anamuphulikira n'kumuchititsa khungu, ndipo m'chaka chomwecho anapatsidwa mphoto ya Nobel. Ali chikhalire panyumba anazindikira mmene mkazi wake Elma ankatopera ndi kusonkheza moto ndi kulondera miphika tsiku lonse. Anamuona ndi makutu, titero kunena kwake. Mu 1922 analembetsa sitovu ya mtundu watsopano, dzina lake lochokera ku kampani yake ya gasi. Mkati mwake munali kamoto kakang'ono kosazima usana ndi usiku, kotenthetsa chitsulo cholemera chokutidwa bwino kuti kutentha kusathawe. Pamwamba panali mbale ziwiri zachitsulo zokhala ndi zivundikiro, ina yotentha kwambiri, ina yofunda, ndipo pansi panali mauvuni awiri osiyananso kutentha. Batani lochepetsera moto panalibe. Wophika akafuna moto wochepa ankangosuntha poto kupita pa mbale inayo, monga mmene amayi athu amasololera chikuni pamafuwa phala likayamba kuthyakuka.

Sitovuyi inafika ku Britain mu 1929 ndipo kumeneko ndi kumene inapeza mudzi. M'nyumba zozizira ndi zachinyontho za kumafamu inkaphika, inkaumitsa zovala, inkafunditsa chipinda, ndipo alimi ankatenthetseramo ngakhale tiana ta nkhosa tobadwa m'chisanu. Kwa zaka zambiri zitsulo zake zinkaumbidwa ku Coalbrookdale, malo amene Abraham Darby anasungunulira chitsulo ndi malasha okonzedwa mu 1709, mpaka pamene malowo anatsekedwa mu 2017. Koma walira mvula walira matope. AGA ya mauvuni awiri yachikale imalemera pafupifupi makilogalamu 400, choncho pansi payenera kukhala polimba, ndipo moto wosazima ndi bilu yosazima. N'chifukwa chake zambiri zatsopano zimayendera magetsi ndipo zimatheka kuzimitsidwa. Kwa wokhala ku Yorkshire amene amaphika nyemba ndi nyama yofuna moto wapang'onopang'ono, ndi chuma. Kwa wokhala ku Texas kapena ku Johannesburg m'mwezi wa December, ndi chilango chogula ndi ndalama zako.

Amereka anadzera njira ina. Fred Carl Jr., womanga nyumba wa ku Greenwood m'chigawo cha Mississippi, ankafuna sitovu yolimba ndi yamoto wamphamvu ngati ya m'malesitilanti. Za m'malesitilanti zenizeni sizinali zoyenera panyumba chifukwa zimatentha kunja komwe moti zingawotche makabati ndi ana. Iye anakonza ina yotetezedwa, ndipo Viking inayamba kugulitsidwa mu 1987. Kuyambira pamenepo chitsulo chonyezimira ndi mabatani akuluakulu zinasanduka chizindikiro cha nyumba ya munthu wopata, ndipo makampani ena analowa m'bwalo lomwelo. Mwina mungaseke kumva kuti kampani imodzi, Middleby, inagula Viking kumapeto kwa 2012 ndi kugulanso AGA pamodzi ndi La Cornue mu 2015. Ubwino wa gasi ndi woonekeratu: lawi mumaliona, limamvera dzanja nthawi yomweyo, limalandira poto aliyense ngakhale wopindika pansi, ndipo pa sitovu zambiri mungaliyatse ndi machesi magetsi atathima, monga anaonera a ku South Africa mu 2023 pamene kuthimathima kunafika pachimake. Kuipa kwake n'kwakuti kutentha kosakwana theka ndiko kumalowa mu poto, kwina konse kumathera m'chipinda, komanso lawilo limatulutsa mpweya wovutitsa chifuwa. Moto waukulu umafuna chokokera utsi chachikulu chotulutsira kunja, ndipo mtengo wake wogulitsa amautchula pomalizira.

Induction ndiyo yachilendo kwa ife okalamba, ngakhale muzu wake ndi wakale. Michael Faraday anatulukira mu 1831 kuti maginito oyenda amabala magetsi, ndipo kampani ya Westinghouse inaika sitovu yotere pamsika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Pansi pa galasi pali waya wa kopa wokulungakulunga, umene umachititsa kuti chitsulo cha potoyo chitenthe chokha. Lawi palibe, mwaye palibe, madzi amawira mwachangu, ndipo magawo oposa 80 pa 100 a mphamvu amalowa m'chakudya. Pa nyumba imene muli ana aang'ono ine ndingasankhe imeneyi mosakayika.

Koma inu mumadya nsima, ndipo amene anapanga galasilo sanaganizireko za mthiko. Kuvundula nsima kumagwedeza poto. Akatukuka pang'ono kutentha kumaleka, akamakhukhuzika pagalasi amalikanda. Pamafunika poto wolemera, wosalala pansi, wa chogwirira cholimba. Mphika wadothi sungatenthe pamenepo ngakhale mutaudikira tsiku lonse, ndipo masefuliya a aluminiyamu amene munapatsidwa pa ukwati wanu nawonso adzangokhala zii. Musanapereke ndalama, itanani wamagetsi aone ngati mawaya a nyumbayo angasenze katunduyo, chifukwa sitovu yaikulu imafuna waya wakewake wonenepa. Kenaka tengani kamaginito ka pachitseko cha firiji, mukagunditse pansi pa poto aliyense amene muli naye. Amene kakakamira adzaphika. Otsalawo muwawerenge, ndipo mtengo wogulira ena m'malo mwake muuonkhetse pa mtengo wa sitovu.