Yoga ya m'chipinda chotentha: idachokera kuti, nanga imathandizadi?

M'mizinda ngati London, New York ndi Johannesburg muli anthu amene amalipira ndalama kuti alowe m'chipinda chotenthetsedwa dala mpaka madigiri 40, n'kukhalamo mphindi 90 akupinda ndi kutambasula thupi, thukuta lili kamukamu. Kutentha kwake kumafanana ndi kwa ku Nsanje mu Okutobala dzuwa lili paliwombo. Masewerawa amatchedwa hot yoga, ndipo ambiri amayesa kuti ndi mwambo wamakedzana wa ku India. Yoga ndi yakaledi, koma zotenthetsa chipindazi zidabwera chaposachedwa, ndipo zidadzera mwa munthu mmodzi amene adatchuka kwambiri kenaka n'kugwa chagada.

Ku India yoga idayamba ngati njira yokhazikitsa mtima pansi. Buku la Yoga Sutras, lomwe amati adasonkhanitsa ndi Patanjali zaka zoposa 1,500 zapitazo, limatsindika za kudziletsa, kapumidwe ndi kusinkhasinkha. Kaimidwe kosiyanasiyana ka thupi kadafotokozedwa bwino m'mabuku apambuyo pake, monga Hatha Yoga Pradipika la m'zaka za m'ma 1400. M'mabuku amenewa mulibe lamulo lakuti malo ochitira yoga azitenthetsedwa.

Nkhani ya hot yoga imayambira ku Calcutta, mzinda umene lero umatchedwa Kolkata. Panthawi ya ulamuliro wa Britain, atsamunda ankanyoza amuna a m'chigawo cha Bengal kuti ndi ofooka, ndipo achinyamata ambiri adayamba kulimbitsa matupi pofuna kutsutsa chipongwecho. Mmodzi mwa atsogoleri awo adali Bishnu Charan Ghosh, mng'ono wake wa mphunzitsi wotchuka wa zauzimu Paramahansa Yogananda. Mu 1923 Ghosh adatsegula sukulu yophunzitsa masewera olimbitsa thupi, komwe ankaphatikiza yoga ndi kunyamula zitsulo. Iye ankaona yoga ngati chithandizo, choncho ankasankhira munthu aliyense kaimidwe kogwirizana ndi vuto lake, kaya ndi msana, chifuwa kapena m'mimba.

Pasukulu imeneyi ndi pomwe padaphunzira Bikram Choudhury, yemwe adabadwira ku Calcutta komweko mu 1944. Cha mu 1970, chaka chimene Ghosh adamwalira, Choudhury adapita kukaphunzitsa ku Japan. Mwiniwakeyo ankanena kuti kuzizira kwa ku Tokyo ndiko kudamuchititsa kuika zotenthetsera m'chipinda, kuti ophunzira amve ngati ali ku Calcutta ndipo minofu yawo ifewe. Posakhalitsa adalowera ku America n'kukhazikika ku Beverly Hills, pafupi ndi mzinda wa Los Angeles, komwe akatswiri a mafilimu monga Shirley MacLaine adayamba kubwera kwa iye.

Apa ndi pomwe adapatukana ndi mphunzitsi wake. Ghosh ankapatsa aliyense zakezake, koma Choudhury adakonza ndondomeko imodzi ya onse: kaimidwe 26, njira ziwiri za kapumidwe, mphindi 90, magalasi oonera m'makoma, ndi mawu omwewo amene mphunzitsi aliyense ankayenera kuloweza. Mu 1978 adatulutsa buku lofotokoza ndondomekoyi, ndipo kuyambira m'ma 1990 ankachititsa maphunziro a milungu 9 amene ofuna kukhala aphunzitsi ankalipira madola zikwi zambiri. Pofika m'ma 2000, malo ochitira Bikram Yoga adali mazanamazana m'mayiko ochuluka, mwiniwake akusonkhanitsa magalimoto a Rolls-Royce ndi Bentley.

Chuma chitachuluka, Choudhury adayamba kunena kuti ndondomekoyo ndi katundu wake, n'kumasumira aliyense woiphunzitsa popanda chilolezo. Mu 2015 khothi la apilo la Ninth Circuit ku America lidamukanira. Oweruza adati buku lake ndi lakedi, koma kasanjidwe ka masewera olimbitsa thupi ndi njira yopezera thanzi, ndipo malamulo oteteza olemba mabuku sapatsa munthu umwini wa njira yotere.

Mlandu woopsa udali wina. Kuyambira 2013, amayi angapo amene adali ophunzira ake adakasuma kuti adawachitira nkhanza zogonana, ena kuti adawagwiririra. Iye wakhala akukana zonsezi. Mu 2016 khothi la ku Los Angeles lidagamula kuti alipire madola oposa 6 miliyoni kwa Minakshi Jafa-Bodden, loya wake wakale, yemwe adati adachotsedwa ntchito chifukwa chofufuza madandaulo a amayiwo. Choudhury adachoka m'dzikolo osalipira, ndipo mu 2017 woweruza adapereka chikalata chakuti amangidwe. Filimu ya Netflix ya mu 2019, Bikram: Yogi, Guru, Predator, idapereka mpata kwa ena mwa amayiwo kuti dziko limve mawu awo.

Malo ambiri adafufuta dzina lake pazikwangwani koma sadazimitse zotenthetsera. Ena amaphunzitsabe kaimidwe 26 kaja pansi pa mayina atsopano, pomwe magulu ena, monga Moksha Yoga yomwe idayamba ku Canada mu 2004, adali atakonza kale ndondomeko zawozawo. Anthu adapitiriza kubwera chifukwa ankamva kusintha m'thupi mwawo, ndipo ofufuza adayamba kuyeza ngati kusinthako n'koona.

Zimene adapeza n'zolimbikitsa, ngakhale sizifika pamene otsatsa malonda ankanenera. Ofufuza a ku Colorado State University, motsogozedwa ndi Brian Tracy, adaona kuti achinyamata amene adachita yoga imeneyi kwa milungu 8 adawonjezera mphamvu ndiponso thupi lawo lidafewa. Adapezanso kuti kalasi imodzi imadya makalori pafupifupi 460 kwa amuna ndi 330 kwa akazi, zomwe sizisiyana kwenikweni ndi kuyenda ndawala kwa nthawi yomweyo. Mu 2018 kafukufuku wa Stacy Hunter ku Texas adaonetsa kuti mitsempha ya magazi ya anthu azaka zapakati idayamba kugwira bwino ntchito, kaya yogayo ankachitira m'chipinda chotentha kapena chosatenthetsa. Ndiye kuti phindu lalikulu lili m'kaimidwe, kapumidwe ndi kusadukiza. Zoti thukuta limatsuka poizoni m'thupi zilibe umboni: ntchito imeneyo ndi ya chiwindi ndi impso.

Nkhani yopatsa chiyembekezo kwambiri ndi ya maganizo. Mu 2023 madokotala a chipatala cha Massachusetts General adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 80 odwala matenda ovutika maganizo. Patatha milungu 8, pafupifupi 59 mwa anthu 100 alionse amene ankachita hot yoga adaona zizindikiro zawo zikutsika ndi theka kapena kuposa, pomwe mwa amene ankangodikira osachita yogayo adali 6 okha. Gululi lidali laling'ono, ndipo yoga siilowa m'malo mwa dokotala, koma kwa munthu amene wasowa tulo ndi chimwemwe, zotsatira zotere si zochepa.

Kutenthako kuli ndi ngozi zake. Kafukufuku wa bungwe la American Council on Exercise wa mu 2015 adapeza kuti kutentha kwa m'kati mwa thupi kwa ena kudapitirira madigiri 39, wina mpaka 40. Amayi oyembekezera, odwala mtima ndi amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ayenera kufunsa kaye achipatala. Aliyense ayenera kumwa madzi okwanira, ndipo chizungulire kapena mseru zikayamba, apume kapena atuluke.

M'masiku a Choudhury kutuluka m'chipinda kalasi isadathe kunkatengedwa ngati kufooka, ndipo ophunzira adazolowera kumvera mphunzitsi ngakhale thupi likukana. Mtima womwewo ndiwo udachititsa kuti madandaulo a amayi aja akhale zaka osamveka. Yoga ya m'chipinda chotentha ingalimbitse thupi ndi kupepuza maganizo, koma mphunzitsi woyenera kumukhulupirira ndi amene amalola wophunzira kunena kuti basi, ndipo amalemekeza mawu amenewo.