Kulondola Mapazi a Agogo m'Mabuku Akale

Aphunzitsi ndi akatekisiti anzanga, ana a sukulu akatifunsa za makolo ao amene anakhala kuno ku Mpingu m'masiku a Boma la Angerezi, kawirikawiri tiwayankha ndi zongomva. Koma munthu wobadwa cakuma 1890 anasiya mapazi ace m'mabuku angapo, ndipo wofuna kumlondola ayenera kudziwa mabukuwo pamodzi ndi mbuna ziri m'menemo.

Buku loyamba ndilo la ubatizo. Ansembe a White Fathers anakhazika mishoni ya Likuni mu 1903, ndi ya Nambuma mu 1928. A mishoni ya Dutch anali pa Nkhoma kuyambira 1896. Ansembe analemba dzina la wobatizidwa, maina a makolo ace, mudzi wace ndi tsiku lomwe. Pakuti kwa iwo katekumeni anaphunzira zaka 4 asanabatizidwe, mukapeza caka ca ubatizo bwererani zaka 4, ndipo mudzayandikira nthawi imene agogo anayamba kumva mau.

Mbuna yaikuru iri pa maina. Mcewa mmodzi akhoza kukhala ndi dzina laubwana, lina lolandira pa cinamwali, lina la ubatizo, ndi linanso lodzicha yekha ku nchito kwa Azungu. Wolemba anafunsa dzina la atate monga mwa mwambo wa ku Ulaya, pamene mbumba yathu iwerengedwa mwa amai. Ndiponso mwamuna anapita ku cikamwini. Cotero munthu wobadwira ku Mpingu mudzampeza wolembedwa pa mudzi wa mkazi wace ku Nsaru kapena ku Kabudula. Cifukwa cace musafune dzina limodzi lokha. Funsani mfunda wace, kapena Phiri, kapena Banda, kapena Mbewe. Funsani dzina la amai ace, la amalume ace ndi la nyakwawa. Kumbukiraninso kuti alembi sanagwirizane pa kalembedwe: wina analemba c pamene mnzace analemba ch, wina l pamene mnzace analemba r.

Mabuku ena ndiwo a Boma. Lilongwe inakhala boma mu 1904, ndipo nchito yaikuru ya makalaliki inali kuwerenga nyumba za msonkho. Pa nkhondo ya 1914 kufikira 1918 anthu a Nyasaland okwana ngati 200,000 anatengedwa kukasenza katundu, ndiyo nchito ya tengatenga. Asilikali a King's African Rifles ali ndi cipilala cao ku Zomba, koma amtengatenga ambiri anafera m'njira osalembedwa maina. Mu 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linabvomera kuti anthu akuda ambiri sanakumbukiridwe monga anzao. Agogo akasowa m'mabuku pa zaka zimenezo, ganizirani za nkhondoyo, ndi za cimfine cija cinapululutsa midzi mu 1918.

Itatha nkhondo kunadza fodya. Mu 1920 A. F. Barron anayamba munda pa Mbabzi, nagawira anthu a m'midzi mbeu ya fodya wowamba pa moto, ndipo mu 1926 Boma linakhazika Native Tobacco Board, imene inalembera alimi. Ena sanalime, anatsika ulendo wa ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg, ndipo osabwerera tinawacha machona. Mukaona m'buku la mpingo kuti mai wabatiza ana atatu motsatana, nalekeza pomwepo akali mtsikana, funsani ngati mwamuna wace sanachone.

Makalata a Boma otsala asungidwa ku National Archives ku Zomba, nyumba imene inayamba mu 1947. Koma musanapite kutali, yambani ndi nkhalamba za m'mudzi mwanu, pakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Buku lidziwa tsiku, koma silidziwa cifukwa cimene munthu anasamukira. Nkhalamba idziwa cifukwa, koma isokoneza zaka. Ziwirizi zikabvomerezana, lembani. Zikatsutsana, lembani zonse ziwiri, ndi kuchula amene wanena.

Nchitoyi siifuna kuzengereza, pakuti ciswe cirikudya mapepala, ndipo odziwa maina alikutha. Mphunzitsi aliyense apatule kabuku kamodzi, ndipo mwana aliyense wa m'kalasi mwace abwere ndi maina onse a agogo amodzi, mfunda wao, ndi mudzi umene anagona.