Loreto: Dzina Lochokera Kunkhalango

Mwa maina amene akhristu amapatsa ana aakazi polemekeza Amayi Maria, la Loreto ndi losowa kwathu kuno, ngakhale kuti ku Spain limamveka ndithu. Lisanakhale dzina la munthu linali dzina la mudzi, ndipo lisanakhale la mudzi linali la nkhalango.

Loreto ndi kamzinda ka m'dziko la Italy, komangidwa pachitunda choyang'ana nyanja ya Adriatic, kummwera kwa doko la Ancona. Liwuli limachokera ku Chilatini, lauretum, ndiye kuti malo omera mitengo ya laurus. Aroma akale ankaluka masamba a mtengowu kukhala nkhata yoveka mkulu wa asilikali amene wagonjetsa adani. Ena amati nkhalangoyo inali ya mayi wina wotchedwa Laureta, koma dzina lakelo likutibwezeranso kumtengo womwewo.

Nanga masamba a ankhondo akomana bwanji ndi namwali wa ku Nazareth? Tiyenera kubwerera ku chaka cha 1291, pamene mzinda wa Acre, linga lalikulu lotsiriza la akhristu a ku Ulaya m'Dziko Loyera, unagwa m'manja mwa Amamluk a ku Egypt. Ulendo wokaona malo oyera unasanduka woopsa. Mwambo wakale umati chaka chomwecho anjelo ananyamula nyumba imene Maria analandiriramo uthenga wa Gabriel, naitula ku Trsat, m'dziko limene lero ndi Croatia. Pa 10 Disembala 1294 anaiolotsanso nyanja mpaka kunkhalango ija, pafupi ndi Recanati.

Nyumbayo ilipo mpaka lero, m'kati mwa tchalitchi chachikulu, itakutidwa ndi miyala yonyezimira yosemedwa mwaluso. Mukalowa m'kati, ulemerero wonsewo umatsala panja: ndi kachipinda kosakwana mamita 10 m'litali, ka mamita 4 m'lifupi, ka miyala yakuda ndi utsi wa nyali. Makoma akale ndi atatu okha. Zimenezi zimagwirizana ndi mamangidwe a ku Nazareth, kumene amphawi ankamanga kukhomo kwa phanga, thanthwe n'kukhala khoma lachinayi. Ofukula pansi, amene anagwira ntchito kuyambira 1962 mpaka 1965, anatsimikiza kuti makomawo alibe maziko.

Pali chikalata china chonena za ukwati wa mu 1294, wa Thamar, mwana wa Nikephoros wolamula dziko la Epirus, ndi Philip wa ku Taranto. Pa chuma chimene mkwatibwi anatengera kwa mwamuna wake pakutchulidwa miyala yoyera yochokera kunyumba ya Maria. Banja la Nikephoros linkadziwika ndi dzina loti Angelos, kapena Angeli, tanthauzo lake anjelo. Akatswiri ena amachikayikira chikalatachi. Koma chikakhala choona, ndiye kuti "anjelo" aja anali anthu, ndipo miyalayo inayenda pa zombo. Kwa ine zimenezi sizichepetsa nkhaniyi mpang'ono pomwe. Anthu othawa nkhondo amanyamula chimene sangakhale popanda icho. Awa anasankha makoma a nyumba ya mmisiri wosauka.

Kuchokera apo dzinali linaiwala nkhata ya opambana, n'kuyamba kutanthauza nyumba. Teresa Ball, poyambitsa asisteri ake ku Ireland, anatcha nyumba yawo ya ku Rathfarnham kuti Loreto mu 1822, ndipo kumeneko n'kumene Mayi Teresa wa ku Calcutta analowera usisteri mu 1928. Papa Yohane XXIII anapita ku Loreto pa 4 Okutobala 1962 kukapempherera Msonkhano Wachiwiri wa Vatican, kutatsala sabata imodzi kuti utsegulidwe. Ngakhale ife dzinali sitili nalo kutali: Litania ya Maria imene mabanja amanena atatha korona imatchedwa Litania ya ku Loreto, chifukwa kumeneko n'kumene inkaimbidwa Papa Sixtus V asanaivomereze mu 1587.

Nkhani ya nyumba youluka nayo sinafe. Mu 1920 Papa Benedikto XV anaika Maria wa ku Loreto kukhala nkhoswe ya oyenda pandege. Mu 2019 Papa Fransisko analemba chikumbutso chake m'kalendala ya Mpingo wonse, kotero kuti mwana wobatizidwa dzinali ali nalo tsiku lake, la 10 Disembala.