Kuunika kwa khoti pa zigamulo za CFTC

Iyi ndi njira yomwe kampani yolangidwa ndi bungwe loona za mpikisano pa malonda la CFTC imakadandaulira ku khoti lalikulu. Funso lalikulu la woweruza ndi lakuti: kodi bungweli latsata malamulo, kapena lapyola malire?

Mu 2021 CFTC idalamula Airtel Malawi kulipira chindapusa cha K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe, yomwe makasitomala ankayenera kuchita kuipempha okha pafoni. Nkhaniyo idakafika kukhoti, ndipo mu 2023 khoti lidagamula kuti lamulo la za mpikisano pa malonda la 1998 silidapatse bungweli mphamvu zolipiritsa chindapusa. Ogula adatsala padzuwa.

Lamulo latsopano la 2024 lidapereka mphamvuzo ku CFTC.