Mtundu Umene Udalera Apapa Yohane Paulo

Akuluakulu ambiri kuno ku Benga akali kukumbukira mwezi wa May chaka cha 1989, pamene Apapa Yohane Paulo Wachiwiri adadzaticheza m'Malawi muno. Tonse tidamva kuti kwao kunali ku Poland. Nanga anthu a kumeneko ndi otani?

Poland ali pakati pa Ulaya. Mfumu yake, Mieszko, idabatizidwa mu 966. Tsoka lidagwa mu 1795, pamene Russia, Prussia ndi Austria adatsiriza kugawana dzikolo monga alenje agawana nyama, ndipo kwa zaka 123 dzina lake lidafafanizika pa mapu. M'madera ena ana adawaletsa kuphunzira m'chiyankhulo chao. Chimene adani sadathe kulanda ndicho mwambo wa m'nyumba ndi chobvala cha pathupi.

Ku Łowicz amayi amabvala masiketi olemera a ubweya wa nkhosa, a mizeremizere yobiriwira, yachikasu ndi yofiira, mikanda m'khosi, duku kumutu. Masiku ano sawabvala popita kumunda. Amawatulutsa pa ulendo wa Ukaristia Woyera, msewu wonse nkuoneka ngati dimba la maluwa. Amuna a ku mapiri a Tatra ali ndi mathalauza oyera aubweya opetedwa pantchafu, pamene a ku Kraków, kumene Apapa aja anali Arkiepiskopi, amadziwika ndi chipewa chofiira cha ngodya zinayi chokhala ndi nthenga za pikoko. Munthu ankati akabvala, mnzake nkudziwiratu kwao asanayankhule.

Koma mwambo wondigwira mtima ine ndi wa madzulo oti mawa ndi Khrisimasi. Banja silidya kufikira nyenyezi yoyamba itaoneka. Pamenepo amanyemerana mkate wopyapyala wonga hostia, koma wosapatulidwa, nafunirana mafuno abwino. Amene adayambana amakhululukirana pomwepo. Nyama sadya, ndiwo yake ndi nsomba (asodzi athu a kunyanja kuno angakondwe nazo). Pathebulo amasiya mbale imodzi yopanda mwini, kudikira mlendo wosayembekezeka.

Nthawi idakwana yoti iwo eni akhale alendo otere. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse mabanja ochuluka adatengedwa ukapolo kupita ku Siberia. Atamasulidwa adadzera ku Persia mu 1942, ndipo anthu pafupifupi 18,000, makamaka amayi ndi ana, adafika mu Afrika. Ena adawasunga m'misasa ku Lusaka, ku Abercorn ndi ku Fort Jameson, kumene lero timati Chipata, kuseri kwa Mchinji komweku.

Mu 1946 kudafikanso wansembe wa Chiyezuiti, Bambo Adam Kozłowiecki, atapulumuka ku ndende za Auschwitz ndi Dachau. Adakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka mu 1959, natula udindowo mu 1969 kuti mwana wa dzikolo alowe m'malo mwake. Iye adabwerera kukatumikira kumidzi ngati wansembe wamba, ndipo adamwalira ku Lusaka komweko mu 2007.